Munda wa anganga ku Thyolo: mmene tinaudzutsira kuyambira 2020 mpaka 2025

Mu Ogasiti 2020 ndinalandira foni kuchokera kwa mayi wina, mphunzitsi wa ku Blantyre. Sukulu zinali zotsekedwa chifukwa cha Covid-19, ndiye anapezerapo mpata wokagona kumudzi kwawo ku Thyolo, chakufupi ndi Bvumbwe, patatha zaka zambiri akungofikako pa maliro n'kubwerera tsiku lomwelo. Chimene chinawaopsa ndi chigwembe. Chinali chitadya nthaka mpaka kutsala mamita 2 okha kuti chifike pa maziko a nyumba ya njerwa imene anganga awo anasiya, ndipo khoma la kumtunda linali litayamba mng'alu. Za munda anangotchula pomaliza: "Komanso alangizi, kuseriku kunali munda wokongola kale. Pano ndi tchire lokhalokha. Mukabwera mudzaoneko."

Lipotili ndalembera anzanga a ulangizi amene amaitanidwa ku minda yotere. Ikuchuluka m'midzi mwathu, poti eniake ambiri ali m'tauni kapena ku Joni. Mayina a anthu ndi a mudzi ndawasiya dala.

Mbiri ya malowo

Malowo ndi okwana ekala imodzi ndi theka, pamtsetse woyang'ana kummawa. Kumtunda ndi katondo wofiira, kumunsi kuli kadimba ndi chitsime chokumba pamanja. Kuno n'kwa chikamwini, choncho malo anali a anganga aakazi. Amuna awo, mkamwini pamudzipo, anagwira ntchito yosamalira maluwa pa esiteti ina ya tiyi kwa zaka zoposa 30, ndipo pa nthambi zimene ankadula kuntchito, zina zinkabwera kunyumba m'thumba la jekete. Anamwalira mu 2004. Anganga anapitiriza okha mpaka nawonso anatisiya mu 2013. Zitatero abale anabwereka malowo n'kulimapo chimanga nyengo zitatu, mizere yoloza kumunsi, manyowa osathira. Chilala cha 2015/16 chitapsereza chimangacho anagwa ulesi, ndipo palibenso amene anaponyapo khasu.

Anthu amene ndinayenera kugwira nawo ntchito anali asanu. Mphunzitsi uja, amene mwa mwambo malowo ndi ake pamodzi ndi azichemwali ake. Mchimwene wake wa ku Johannesburg, amene ankatumiza ndalama. Amalume awo, mwinimbumba. Mng'ono wawo wa malemu anganga, gogo wa zaka za m'ma 80 wokhala nyumba yoyandikana, amene aliyense amangowatchula kuti anganga aang'ono. Ndiye mnyamata wa zaka 19, mwana wa achemwali ake a mphunzitsi, amene analekezera sukulu Fomu 2 ndipo ankagona m'nyumba yong'alukayo. Poyamba ndinkaona ngati pa asanuwa ofunika ndi awiri oyambirira, popeza ndiwo anali ndi foni ndi ndalama.

Zimene ndinapeza

Ulendo woyamba malo ena ndinalowa mokwawa. Lantana anali atakuta pafupifupi theka la mundawo, wautali kuposa munthu, ndipo pansi pake panali mdima ndi nthaka yopanda kaudzu n'kamodzi komwe. Kumtunda, kumene kunkalimidwa chimanga, kunali nansongole yekhayekha. Chigwembe chinayambira m'malire akumtunda n'kutsika mamita 40, pena chakuya mpaka m'chifuwa.

Mitengo yakale inalipo: mapeyala 4 aatali ngati nyumba yosanja, mango 6, malalanje 3 ongotsala moyo pang'ono, ndi magwafa omera okha osawerengeka, ofesedwa ndi mbalame. Nthochi zinali mapando 23, ndipo 15 mwa amenewa ankaonetsa matenda a chisaka poyera. Mozungulira chitsime munali bulugamu 11 amene amalume anadzala kalekale. Chitsimecho akuti chinkaphwa Seputembala asanathe.

Ndinatenga chitsulo cha mamilimita 10 n'kumabaya pansi malo osiyanasiyana. Pansi pa mapeyala, pomwe masamba akhala akuwolerana zaka zambiri, chinkalowa chokha mpaka theka la mita. Kumtunda kwa chimanga kuja chinkaima pa masentimita 15, pamene khasu linkalekezera chaka ndi chaka mpaka dothi linauma gwa ngati njerwa. Dothi lina ndinatumiza ku malo a kafukufuku wa zaulimi ku Bvumbwe kukayezetsa, ndipo la kumtunda linatuluka ndi pH ya 4.8 (pH ndi muyezo wa kuwawasa kwa nthaka: nambala ikamatsika, nthaka ndi yowawasa kwambiri). Nthaka yowawasa chonchi si yachilendo ku Thyolo, komwe mvula imagwa yambiri n'kumatsuka mchere wa m'nthaka. Tiyi amaikonda. Nyemba ndi ndiwo zamasamba zimavutika nayo.

Ndinajambula mapu anga pa pepala, okhala ndi akalozera anayi, maenje a mitengo ndi mabedi, n'kuwatumiza pa WhatsApp. Ku Joni anawakonda kwambiri.

Pamene ndinalakwitsa

Ndalama zoyamba zinafika kumayambiriro kwa Okutobala, limodzi ndi uthenga wakuti achimwene akufuna kuona zithunzi za malo oyera mwezi usanathe. Sindiwaimba mlandu. Munthu akamatuluka thukuta kudziko la eni amafuna kuona kumene ndalama yake yagwera, ndipo chithunzi cha tchire lomwe lija sichimusangalatsa. Wolakwa ndinali ine, amene ndinkadziwa kuti Okutobala si mwezi wovula nthaka ya pamtsetse, koma ndinavomera kuti ndisaoneke wozengereza.

Tinalemba aganyu 6. Ndinawauza kuti adule lantana, azule zitsa, asatenthe kanthu. Ndinalolanso kuti asadze mapeyala awiri oyandikana ndi nyumba, amene nthambi zake zinkakhuza malata. Kenaka ndinapita ku maphunziro a sabata imodzi. Pobwera ndinapeza phulusa. Aganyu anaona kuti kuzula zitsa n'kochedwetsa, anangotema pamwamba n'kuyatsa moto, motowo n'kulowerera mpaka m'nansongole. Mapeyala awiri aja anawasadza mpaka kutsala mathunthu okhala ngati mafoloko, opanda tsamba.

Zotsatira zake sizinachedwe. Khungwa la peyala limene lakhala mumthunzi zaka 30 silipirira dzuwa la Okutobala. Mbali ya kumadzulo linapsa n'kung'ambika, chiswe chinalowa, ndipo mtengo umodzi unauma Khirisimasi isanafike. Nansongole sadandaula ndi moto, chifukwa moyo wake uli m'mizu yoyenda pansi. Anaphuka wobiriwira kuposa kale, anzake opikisana naye atapsa. Zitsa za lantana nazo zinaphuka. Mvula yoyamba ya mu Novembala inapeza nthaka yambulanda, ndipo usiku umodzi wokha chigwembe chinawonjezera mita yathunthu kulowera kunyumba.

Anzanga, ngati mwini ndalama akufuna zithunzi, mupatseni zithunzi za zinthu zina: zikhomo zokhomedwa, milu ya manyowa, nazale. Tchire la pamtsetse ndi bulangete la nthaka mpaka mutakonza njira ya madzi. Lidulidwe m'mizeremizere yopingasa, zodulazo zigonekedwe pomwepo. Ndipo mtengo waukulu wa zipatso usachotsedwe nthambi zoposa gawo limodzi mwa magawo atatu pa chaka. Zonsezi ndinkaphunzitsa ena. Komanso aganyu olipidwa pa dera limene amaliza sasiyidwa okha ndi machesi.

Ngalande ya malemu

Moto uja unachita chinthu chimodzi chabwino mosadziwa. Pamene panali lantana panaonekera mizere ya miyala, yokwiririka theka, yodutsa mopingasa mtsetse. Ndinaiona koma sindinaisamale, ndinkayesa ndi miyala imene olima chimanga ankaponya pambali.

Mmawa wotsatira mvula ija ndinapeza anganga aang'ono ataima m'mphepete mwa chigwembe, atatsamira ndodo. Miyezi itatu yonseyo ndinkangowapatsa moni n'kudutsa. Tsikulo anandiitana. "Alangizi, tabwerani kuno mwana wanga. Alamu anga madzi sankawalola kuyenda okha. Ankawaperekeza." Ndinafunsa kuti ankawaperekeza bwanji. Sanayankhe. Anayamba kuyenda pang'onopang'ono kulowera kumalire akumtunda, akubaya pansi ndi ndodo. Phu, phu, phu, dothi. Kenaka go. Anabayanso patsogolo pake. Go. "Kumbani apa."

Mnyamata uja anakumba ndi khasu. Pansi pa dothi lokwana chikhato chimodzi ndi theka panali miyala yafulati yoyalidwa bwinobwino, ina yoimika m'mbali. Inali ngalande. Tinailondola masiku anayi, gogoyo atakhala pampando pansi pa mango akulozera. Inayambira pamene madzi a m'njira ya kumtunda amalowera m'mundamo, n'kuyenda mopendekeka pang'ono mamita 60 kulambalala nyumba, n'kukathera m'dzenje lalikulu pakati pa nthochi. Olima chimanga aja anaikwirira pounga mizere. Madzi atasowa njira yawo anadzipangira ina, yolunjika kunyumba. Chigwembe chonse chija chinabadwa pamenepo.

Ndinabwera ndi chingwe cha levulo kudzayeza mizere ya miyala ija. Inali isanu, ndipo uliwonse unali pa mlingo umodzi kuchokera uku mpaka uko, kusiyana kwake kosaposa zala zitatu. Munthu amene wakhala zaka 30 akuona mmene tiyi amadzalidwira mopingasa mapiri, ndi ngalande zake zotulutsa madzi, anabweretsa nzeruyo pakhomo. Akalozera anga anayi a papepala akanadula mizere imeneyi pakati. Mapu aja ndinawapinda n'kuwaika m'thumba.

Apa ndi pamene ntchito inatembenukira. Munda umene unasamalidwapo ndi munthu wodziwa umakhala ndi dongosolo lake pansi pa tchire, ndipo kawirikawiri pamudzi pamakhala wina amene analiona likugwira ntchito. Funso limene ndinayenera kufunsa tsiku loyamba ndi lakuti, "Kale mvula ikagwa, madzi ankadzera pati?" Ndi funso laulere, ndipo likanapulumutsa mita ija ya nthaka.

Komabe sitinangobwezeretsa zakale n'kukhala pansi. Madzi a lero si a m'nthawi ya malemu. Kumtunda kumene kunali nkhalango ya masuku tsopano kuli nyumba 9 za malata ndi mabwalo osesedwa, ndipo zonsezo zimakhuthulira m'njira imodzi ija. Choncho ngalande tinaikuza m'mbali, n'kukumba maswale awiri (ngalande zopingasa mtsetse zosunga madzi) kumtunda kwake kuti madzi ena azilowa pansi asanaifike. Kutsogolo kwa mzere uliwonse wa miyala tinadzala udzu wa vetiva motalikana masentimita 10, mu Januwale 2021 nthaka ili chinyontho. M'chigwembe tinamanga zotchinga 7 za miyala ndi nsungwi, zazifupi zosapitirira m'bondo, zotsika pakati kuti madzi azidumphira pamenepo m'malo mokumba m'mbali. Zotchinga zazitali zimaoneka bwino pachithunzi koma madzi amazizungulira.

Nkhondo ya nthochi

Chisaka sichifuna kufotokozera munthu wa ku Thyolo. Boma limene kale linkadzaza malole a nthochi opita ku Blantyre ndi ku Lilongwe linafika pomadya nthochi za ku Tanzania ndi ku Mozambique. Koma kudziwa matenda ndi kuvomera kuzula ndi zinthu ziwiri.

Zizindikiro zinali zosakayikitsa: masamba opyapyala oimirira mothinana pamwamba ngati tsache, m'mphepete mwachikasu, ndipo ukayang'anitsa tsamba padzuwa umaona timizere tobiriwira kwambiri todukizadukiza motsatira mitsempha. Kachilombo kake kamafalitsidwa ndi nsabwe zakuda zimene zimabisala m'munsi mwa makhwatha a nthochi, komanso ndi ana a nthochi otengedwa pa phando lodwala. Mankhwala ake palibe. Ubwino wake ndi wakuti sikakhala m'nthaka, ndiye ukachotsa chitsa chonse malowo amayera.

Ndinalangiza kuzula mapando onse 23, osati 15 odwala okha, chifukwa nthochi imatha kutenga matendawa n'kukhala milungu ingapo isanaonetse. Mphunzitsi anavomera pa foni. Anganga aang'ono anakana. Mapando awiri a pafupi ndi dzenje lija, a sukari, anati anadzala ndi akulu awo ndi manja awo chaka chimene anabadwa mayi ake a mphunzitsi. "Muzule zonse, koma izi mudikire ndife kaye."

Ndikanatha kupita kwa amalume kapena kwa amfumu kuti alamule. Ndinaganiza zosatero. Gogoyu anali atangotipatsa ngalande, ndipo ndi amene amakhala pamalopo usana wonse. Munda umene iye waukwiyira sungayende. Tinagwirizana zoti awiriwo atsale, koma tisadzale nthochi yatsopano iliyonse mpaka titaona mapeto ake, ndipo ndinawaonetsa timizere tija pa tsamba lodwala kuti aziyang'ana okha. Ena 21 tinawapopera madzi a sopo kaye kuti nsabwe zisathawire kwina, kenaka kukumba chitsa chonse, kuchiduladula tizidutswa n'kuyanika padzuwa. Mphukira iliyonse yotuluka pambuyo pake inkakumbidwa sabata yomweyo.

Patatha miyezi inayi mnyamata anandiimbira kuti anganga akundifuna. Ndinawapeza atagwira tsamba, ataliyang'anitsa kudzuwa. "Zija mumanena zija ndi izi?" Zinali zomwezo. Anaitana mdzukulu wawo kuti abwere ndi khasu, iwo n'kulowa m'nyumba.

Kudikirako kunatitayitsa nyengo yathunthu. Nthochi zatsopano, mapando 40 a mtundu wa Williams ochokera ku nazale yovomerezeka, tinadzala mu Disembala 2021, motalikana mamita 3, m'maenje odzaza manyowa. Ena anganene kuti ndinafewa manja. Mwina. Koma kuyambira pamenepo woyendera nthochi Loweruka lililonse ndi gogo yemweyo, ndipo pa mapando 7 amene tazula kuchokera 2022, asanu anawatulukira ndi iye. Matendawa amabwerabe kuchokera kwa oyandikana nawo amene sanazule, ndipo amfumu atayesa kuitanitsa msonkhano anabwera mabanja atatu okha.

Mnyamata ndi mitengo ya eni

Chaka choyamba mnyamata ankalandira malipiro a pamwezi kuchokera ku Joni. Ntchito inkagwirika ndikakhalapo. Ndikachoka, mbuzi zinkalowa, mbande zinkafota. Mu Juni 2021, mbuzi zitamasulidwa pambuyo pa zokolola, zinadya mitengo ya gilisidiya 120 mwa 150 imene tinadzala. Ndinamukalipira. Iye anandiyankha mwaulemu, maso ali pansi, mawu amene sindinawaiwale: "Alangizi, ine pano ndine wodutsa. Ndikakwatira ndipita kwa eni. Mapeyalawa adzadya ndi ana a achemwali."

Ankanena zoona, ndipo aliyense wogwira ntchito ya mitengo kumadera a chikamwini anakumanapo nazo. Mnyamata sadzala mtengo kwawo chifukwa adzachoka, ndipo kuchikamwini amazengereza chifukwa banja likatha adzausiya. Malipiro a pamwezi sachiza zimenezi.

Tinakhala pansi ndi amalume, mphunzitsi ali pa foni, n'kusintha mgwirizano. Malipiro tinawadula pakati. M'malo mwake kadimba konse kanakhala kake kwa zaka zitatu, zonse zotulukamo n'zake. Chachiwiri, ndinamuphunzitsa kumezanitsa, ndipo nazale ya mbande za mapeyala ndi mango inakhala yake, popeza machubu amanyamulika ndipo luso limapita ndi mwini wake kulikonse kumene akakwatire. Zonsezi zinalembedwa m'kope, amfumu n'kusainira. Mpanda unatha m'masabata awiri. Mitengo yake tinagula kwa amalume, bulugamu 7 wa pafupi kwambiri ndi chitsime, ndipo pogula m'malo mowauza kuti adule tinapewa mkangano umene ndinkauopa. M'mbali mwa mpandawo tinadzala khonje. Nkhadze anthu anaikana, ena chifukwa cha utomoni wake umene umawononga maso a ana, ena chifukwa amati imakumbutsa kumanda.

Pofika Seputembala anali akupalasa njinga kupita kumsika wa Bvumbwe kawiri pa sabata ndi mpiru, repu ndi anyezi wamasamba. Mbuzi sinalowenso.

Nthaka ndi mitengo yakale

Nansongole sitinalimbane naye ndi khasu lokha. Udzu umenewu umadana ndi mthunzi, ndiye titaswa dothi louma lija ndi piki tinadzala kalongonda mothinana nyengo ziwiri zotsatizana. Anayanga n'kuphimba chilichonse, ndipo chaka chachitatu nansongole anatsala m'malire mokha. Tinathira laimu matumba 4 a makilogalamu 50 pa theka la ekala ya kumtunda, kenaka nandolo ndi gilisidiya m'mizere, chimanga pakati. Manyowa tinkapanga a chimato ndi a m'dzenje, kuchokera ku masamba a mapeyala, zitosi za nkhuku ndi ndowe za mbuzi zomwe zija. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 feteleza n'kukwera mtengo, banjali linagula thumba limodzi lokha n'kulisakaniza ndi madeya, phulusa ndi ndowe kupanga manyowa a Mbeya, ovundikira masiku 21. Poyezetsanso mu 2024 pH inali 5.4.

Mapeyala atatu otsala anali omera okha, zipatso zake zazikulu koma zamadzi. M'malo mowadula tinawasintha mtundu ali chiimire. Mu Ogasiti 2021 tinadula nthambi zikuluzikulu zochepa pa mtengo uliwonse, kusiya zina zoti zipereke mthunzi ndi kudyetsa mizu, n'kupaka laimu pakhungwa lonse loonekera kudzuwa. Pa mphukira zimene zinatuluka tinasankha zamphamvu n'kumezanitsapo mitundu ya Hass ndi Fuerte. Chaka chotsatira tinachita chimodzimodzi mbali ina. Zipatso zoyamba za mtundu watsopano zinathyoledwa mu 2024, pa mizu ya zaka zoposa 30 imene siifuna kuthirira. Mango tinangowatengulira kuti mphepo ndi dzuwa zizilowa, ndi kutola zogwa pansi n'kuzikwirira chifukwa cha ntchentche za zipatso. Magwafa tinasiya 5.

Malalanje analephereka. Masamba achikasu mbali imodzi, zipatso zazing'ono zopindika ndi zowawa: ndinataya chaka ndikuwathira manyowa poganiza kuti ndi njala, pamene anali matenda osachizika aja amene amavuta malalanje kumadera ozizira okwera. Tinawazula mu 2022.

Maluwa sanali m'mapulani a aliyense. Koma lantana atachoka, m'mphepete mwa mzere wachiwiri wa miyala munaphuka zitsa zinayi za marozi zimene tonse tinkaziyesa zouma. Mphunzitsi atalandira chithunzi cha duwa loyamba, lofiirira motuwa, anakwera minibasi Loweruka lomwelo.

Mvula ndi dzuwa zitayesa ntchito

Namondwe Ana, mu Januwale 2022, anapeza vetiva ali ndi chaka chimodzi, asanagwirane bwino. Madzi anaboola malo atatu ndipo zotchinga ziwiri za m'chigwembe zinapita. Tinatseka mipatayo ndi vetiva wina wong'amba pa mapando akale, ndipo zotchingazo tinazimanganso titazilowetsa kwambiri m'makoma a chigwembe, pomwe poyamba tinanyalanyaza.

Freddy, mu Malichi 2023, anali wina. Mvula inagwa masiku angapo osalekeza, napolo anatsika m'mapiri a Soche, Chiradzulu ndi Mulanje, anthu mazanamazana anataya miyoyo, ndipo kwa milungu iwiri za munda palibe anaziganiza. Nditafikako ndinapeza ngalande ya malemu itasefukira pa khona imodzi n'kukokolola mabedi anayi, dimba lonse litakwiririka ndi mchenga. Koma mizere isanu ya vetiva inaima, kumbuyo kwa uliwonse kutaunjikana dothi lakuya chikhato chathunthu limene likanapita kumtsinje. Chigwembe sichinasunthe. Nyumba inatsala ndi mng'alu wake wakale womwe uja. Munda woyandikana nawo kumpoto, wa mtsetse wofanana, unang'ambika pakati.

Chaka chotsatira kunabwera ng'amba ya El Niño, imene inachititsa boma kulengeza za ngozi m'maboma 23 mwa 28 mu Malichi 2024. Chimanga cha kumtunda chinapiringiza masamba mu Febuluwale ngati cha wina aliyense, koma pomwe tinaphimbira ndi masamba a vetiva ndi gilisidiya chinatsitsimuka mvula itabwerera, ndipo anakolola matumba 6. Chitsime chinafika Novembala chili ndi madzi. Sindinganene kuti ndi bulugamu wodulidwa yekha anachititsa, chifukwa maswale ndi dzenje la nthochi nazonso zimamwetsa nthaka. Ndikuganiza kuti zinathandizana.

Mmene zilili

Pofika pakati pa 2025 chigwembe chadzaza kufika m'bondo ndipo mwamera nsungwi ndi nsenjere. Nthochi zikupereka mikoko iwiri kapena itatu pa sabata nthawi yabwino. Ndalama za ku Joni zinasiya kubwera pa za munda mu 2023. Zimene zimabwera tsopano ndi za sukulu ya ana. Mng'alu wa khoma unamatidwa, ndipo mphunzitsi akuti akapuma ntchito adzakhala komweko.

Mnyamata uja anakwatira mu Meyi, kumudzi wina cha ku Luchenza. Ananyamula mbande 300 za m'machubu maulendo anayi panjinga, ndi mpeni wake womezanitsira. Dimba latengedwa ndi mchemwali wake wamng'ono, amene ndiwo amazidziwa koma kumezanitsa sanaphunzire, ndipo nthambi zina za Hass zayamba kupitiriridwa ndi mphukira za mtengo wakale chifukwa palibe akuzithyola. Apa ndinachedwanso: wachiwiri ndinayenera kumuphunzitsa limodzi ndi woyamba.

Chimene chikundidetsa nkhawa ndi kumpoto. Chigwembe chimene Freddy anatsegula m'munda woyandikana nawo chikubwerera chammbuyo chaka chilichonse, ndipo mutu wake watsala mamita 8 kuti ufike pa swale yathu yoyamba. Mwini wake ali ku Lilongwe, foni sayankha. Amalume alonjeza kukaonana ndi mwinimbumba wa banjalo mvula isanayambe, ndipo anganga aang'ono akuti amakumbukira kuti kumeneko nako kunali miyala.